Funsani Amalume a Mawailesi: Mahoni, Mabokosi a Besi ndi Mpunga pa Sipika

Makalata a mwezi uno ambiri ndi a masipika, ndipo sindikudabwa. Anzathu Achishona sachititsa ukwati mu November, ndiye maukwati a mu Harare muno amathithikana mu October ndi December, ndipo aliyense amene ali ndi ampulifaya pansi pa bedi wayamba kuwerengera matabwa. Ndasankhapo makalata asanu. Inu amene munafunsa za mainveta, tidzakambirana m'magazini yotsatira.

FUNSO: Amalume, ndine mnyamata wa zaka 24. Ndagula masipika awiri a mainchesi 15 ndi ampulifaya yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndikufuna ndiziimba m'zinkhoswe ndi m'maukwati a anthu akwathu kuno, nthawi zambiri panja, ndipo magetsi akathima timadalira batire ndi inveta. Anzanga ena akuti ndikhome mabokosi a honi ngati a anyamata a dancehall ku Mbare, ena akuti bokosi la bowo ndi lokwanira. Nditsate ziti? Mphwanu, Dzivarasekwa.

YANKHO: Mphwanga, ukufunika zonse ziwiri, koma chilichonse pamalo pake. Honi ikhale pamwamba, bokosi la bowo likhale pansi. Ndikufotokozera mutu wake, chifukwa ndikangoti chita chakuti, mawa mnzako wina adzakupotoza.

Bambo anga atakhazikika ku Mbare kuchokera ku Dedza anagula galamafoni yopukusa ndi dzanja. Inalibe batire, inalibe waya. Singano inkayenda m'mizere ya mbale n'kumanjenjemeretsa kachitsulo kopyapyala, kakang'ono ngati chivindikiro cha chitini cha polishi, koma Lamlungu masana nyimbo inkamveka mpaka nyumba yachitatu. Chinsinsi chinali honi yopindidwa m'kati mwa bokosi lake. Mpweya ndi wopepuka kwambiri, ndipo pepala la sipika likamaukankha palokha zili ngati kupalasa bwato ndi mthiko: mkono ukutopa, bwato silikusuntha. Honi ndiyo nkhafi. Pakhosi pake pamakhala popanikiza, kotero mpweya sungathawire m'mbali, ndipo sipika imapeza choti ikankhe. Kenako njirayo imakula pang'onopang'ono mpaka kukamwa, mawu n'kutuluka ali ndi mphamvu zawo. Amene anaonapo zipanda zimene ovina malipenga amaimbira ku Nkhata Bay akudziwa kuti nzeru imeneyi ndi yakale.

Tsono taona manambala. Sipika wamba ya besi imasandutsa mawu gawo 1 mpaka magawo 3 pa 100 a magetsi amene waipatsa, otsalawo amangotenthetsa koyilo. Kasipika ka maginito olemera kamene amamangirira kumbuyo kwa honi, kamene m'mashopu amati compression driver, kamatha kupitirira magawo 20 pa 100. Pa manambala a opanga a woofer yabwino ya mainchesi 15, ndiye sipika yaikulu ya besi ija, upeza 96 kapena 98 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pa wati imodzi, pa driver ya honi upeza 106 mpaka 110. Kusiyana kwa 10 dB kumatanthauza magetsi ochuluka kakhumi. Kwa munthu woimba pa batire, nkhani yagona pamenepa. Ambiri amathamangira kuwerenga mawati olembedwa pa katoni, pamene nambala imene imasunga batire mpaka mkwatibwi atatuluka ndi ya dB.

Nanga bwanji osaika honi pa besi yomwe? Chifukwa cha kukula. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Nsambo yonenepa ya gitala ya besi, ija Alick Macheso, katswiri wa nyimbo za sungura, amayendapo ngati akuyankhula, imanjenjemera ka 41 pa sekondi, chimene timalemba kuti 41 Hz. Ukagawa 343 ndi 41 upeza kuti funde limodzi la mawu amenewo ndi lotalika kuposa mamita 8. Honi yoti iligwire bwino iyenera kutalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, ndiye mamita 2, ndipo kukamwa kwake, ukakuyeza mozungulira, kuyandikire funde lathunthu. Kumeneko ndi kukamwa kotambalala mamita 2 ndi theka. Ukaiika pansi, nthaka imathandizako, kukamwa kumachepa. Paul Klipsch wa ku Arkansas anapanga Klipschorn mu 1946 yoti izikhala pangodya ya chipinda kuti makoma awiri ndi simenti ya pansi zimalizitse honiyo. Koma pa ukwati wa pabwalo ku Dzivarasekwa ngodya uitenga kuti?

Mabokosi amene ukuwaona ku Mbare, amene amawatchula kuti ma scoop, ali ndi honi yopindidwa kumbuyo kwa sipika, ndipo anatchuka ndi ma sound system a ku Jamaica. Tayang'anitsitsa, sudzaona limodzi lili lokha. Amawaunjika anayi, asanu ndi limodzi, kuti kukamwa kwawo kuphatikizane kukhale kumodzi. Ine ndinazimva koyamba ndili mnyamata, usiku wa pa 17 April 1980, Bob Marley akuimba ku bwalo la masewera la Rufaro ndi zida zobwera pa ndege kuchokera ku London. Ndinali kunja kwa bwalo koma besi inkandigunda pachifuwa, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga inadziwika. Kunali khoma la mabokosi. Iwe uli ndi masipika awiri, ndipo mwina udzawanyamula pa Honda Fit ya hayala. Scoop imodzi mbali iyi, ina mbali iyo, zidzakupatsa kugunda kwamphamvu chapakati koma pansi penipeni padzasowa.

N'chifukwa chake akatswiri a m'nyumba zoonetseramo mafilimu anaphatikiza njira ziwirizi kalekale. Bokosi lotchuka la Altec Lansing, Voice of the Theatre A7, lili ndi woofer ya mainchesi 15, honi yaifupi kutsogolo kwake, bowo lotulutsira besi m'munsi, ndi honi ina ya mawu a pamwamba itakhala padenga pake. Iwe chita chosavuta kuposa pamenepo: bokosi la bowo, honi pamwamba.

Bowo lija anthu amaliyesa lopumira sipika kuti isatenthe. Ayi. Uzira pakamwa pa botolo la Mazoe lopanda kanthu, lilira mawu amodzi. Thiramo madzi theka, mawu akwera. Mpweya wa m'khosi mwa botolo ndi wolemera pang'ono, wa m'mimba mwake ndi wofewa ngati sipuling'i, ndipo ziwirizi zikakumana zimakhala ndi mawu awoawo. Bokosi la besi ndi botolo lomwelo, paipi ndiye khosi. Pa mawu amene walichunira, paipi ndi imene imaimba, pepala la sipika limatsala pang'ono kuima. Albert Thuras wa ku Bell Labs analandira setifiketi ya umwini wa nzeru imeneyi mu 1932, koma anthu ankangoboola moyerekeza mpaka Neville Thiele wa ku Australia atalemba masamu ake mu 1961, Richard Small n'kuwonjezera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Kwa iwowa n'kumene kunachokera manambala atatu amene uyenera kufufuza pa intaneti polemba dzina ndi nambala ya sipika yako: Fs, Qts ndi Vas, amene amafotokoza khalidwe la sipikayo. Qts ikakhala pansi pa 0.4, sipikayo ikondwa m'bokosi la bowo. Ikadutsa 0.6, usavutike kuboola, itsekere m'bokosi lopanda bowo, apo ayi idzangowomba ngati mgolo. Manambalawo ukawaika mu pulogalamu yaulere ya WinISD, ikuuza malita ndi kutalika kwa paipi.

Ngati sipika zako zilibe dzina, monga zambiri zogulitsidwa m'tauni, yambira apa. Bokosi likhale masentimita 70 m'litali, 45 m'lifupi, 40 kuya, miyeso ya m'kati. Ukachotsapo malo a sipika ndi mitanda, utsala ndi malita pafupifupi 120. Ikamo mapaipi awiri a pulasitiki a mamilimita 110, aja a madzi oipa. Ukawadula masentimita 13, bokosi lilira pafupi ndi 45 Hz. Ukawadula masentimita 19, litsikira ku 40 Hz. Usayambe wawamata. Dula aatali, uwalowetse mothina, uyese kaye.

Kuyesa kwake ndi mpunga. Goneka bokosi chagada, mapaipi asatsekeke, uwaze timbewu ta mpunga pang'ono pa pepala la sipika. Pa foni ika pulogalamu yotulutsa mawu amodzi, yambira pa 70 Hz, voliyumu yapansi, uzitsika pang'onopang'ono. Mpunga uzivina, kenako ufika pamene ukhala phee, dzanja lako pa paipi likumva mphepo yambiri. Nambala imene ili pa foni nthawi imeneyo ndi pamene bokosi lako lachunidwa. Ikatsika kuposa mmene ukufunira, fupikitsa paipi. Ikakwera, talikitsa. Ndimakhulupirira mpunga kuposa zolembedwa chifukwa manambala a opanga amayenderana ndi mpweya wa kufupi ndi nyanja, pamene Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Mpweya wa kuno ndi wopyapyalako, ndipo sipika imaona bokosi lomwelo ngati lakulirapo pang'ono. Kusiyana kwake n'kochepa ndipo kumatikomera.

Honi ya pamwamba gula yokonzakonza, ya khosi la inchi imodzi, uidule pa 1,500 Hz kapena kupitirirapo, kutanthauza kuti mawu otsika kuposa pamenepo asamaifike. Werenga yankho lotsatirali, muli zoiteteza.

FUNSO: Bambo, ndine msungichuma wa chigwirizano cha amayi pa mpingo wathu. Tinasonkha ndalama n'kukhometsa masipika awiri. Chaka chino matwita, tisipika ta mawu a pamwamba tija, apsa kawiri, ndipo okhala kumbuyo akudandaula kuti ulaliki sakuumva, pamene akutsogolo akutseka makutu. Tchalitchi chathu ndi cha malata, chilibe siling'i. Kodi tigule ampulifaya yaikulu? Mayi wa ku Mufakose.

YANKHO: Mayi, ndalama za amayi zisatuluke kaye. Pemphani mnyamata amene amayang'anira zida atsegule bokosi limodzi, atsate waya wopita ku twita. Ndakumanapo ndi mabokosi ambiri amene waya wake amachoka pa woofer n'kulunjika ku twita popanda chilichonse pakati. Zikatero besi yonse imalowa mu koyilo ya waya wopyapyala ngati tsitsi, ndipo singakhalitse. Pakati pamenepo pamafunika crossover, imene imagawa mawu. Yosavuta kwambiri ndi capacitor imodzi yopanda mbali ya plus ndi minus, ya 10 microfarad, yopirira mavoti 100 kapena kuposa. Pa driver ya 8 ohm imayamba kuchepetsa mawu otsika pansi pa 2,000 Hz. Yabwinopo ndi crossover yogula yokhala ndi koyilo yakeyake, chifukwa imadula mwamphamvu.

Chachiwiri, honi imafuula kuposa woofer, monga ndafotokozera pamwambapa, ndiye iyenera kubwezedwa. Ma resistor awiri amakwanira: ya 5.6 ohm ikhale m'njira ya waya, ya 3.9 ohm ilumikize miyendo iwiri ya driver, zonse za mawati 20, zikhale pambuyo pa crossover. Zimachotsa pafupifupi 10 dB, ndipo mawu oboola m'khutu aja amatha. Amisiri akale tinkaikanso babu la galimoto la mavoti 12, mawati 21, m'njira ya twita. Woimba akakweza mopitirira, babu limayaka n'kumeza magetsi owonjezerawo, twita n'kupulumuka. Mpaka pano ndimaikabe m'mabokosi a mipingo.

Chachitatu chimene chimawotcha matwita ndi kukankha ampulifaya mpaka kagetsi kofiira kolembedwa kuti clip kayake osazima. Pamenepo ampulifaya yatha mphamvu, ikudula nsonga za mawu, ndipo zodukazo zimathamangira ku twita. Kulira kwa maikolofoni kuja, kwiii, nakonso kumawotcha m'masekondi ochepa. Maikolofoni izikhala kumbuyo kwa masipika nthawi zonse.

Koma dandaulo la okhala kumbuyo ndi limene landikhudza, chifukwa agogo ambiri amene amakhala kumbuyo ndi amene anamanga matchalitchi athu kuno, ndipo Lamlungu ndi tsiku limene amamva Chichewa chokhachokha. Vuto lawo si kuchepa kwa mphamvu. Ndikuganiza kuti mabokosi anu ali pansi, pafupi ndi guwa. Mawu amene amasiyanitsa "kuphika" ndi "kufika" ndi a pamwamba, ndipo amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Akagunda mizere iwiri yoyamba ya anthu amathera m'zovala. Kumbuyo kumangofika phokoso lobwerera kuchokera ku malata ndi makoma, ndipo mukakweza voliyumu mukukwezanso phokosolo. Ubwino wa honi ndi woti imaloza. Zambiri zimamwaza mawu madigiri 90 m'mbali ndi 40 m'mwamba ndi pansi. Kwezani mabokosi mamita 2 ndi theka kapena 3, muwamange zolimba, muwaweramitse kuti honi iyang'ane mabenchi a chakumbuyo, osati khoma, osati denga. Mawu amphamvu adutsa pamwamba pa mitu ya akutsogolo. Pa tchanelo cha mlaliki chepetsani besi, kuyankhula sikuifuna.

Mundilole ndiwonjezere za ana a Sande sukulu amene amakonda kukhala pafupi ndi sipika. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la 85 dB munthu angakhalemo maola 8, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezera nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 dB ndi mphindi 15 zokha. Honi ili pafupi imadutsa pamenepo mosavuta, ndipo khutu likawonongeka silibwerera.

FUNSO: Achimwene, ndine kalipentala ku Glen View Area 8. Makasitomala akufuna mabokosi a masipika otchipa. Pakati pa chipboard, supawood ndi plywood ndizigwiritsa ntchito chiti? Kalipentala mnzanu.

YANKHO: Achimwene, bokosi loyendayenda likhale la plywood ya mamilimita 18. Ndi yopepukirako, imagwira masikuluwu, ndipo ikagwa pa lole imangosupuka. Supawood, bolodi lija la fumbi la matabwa lopanikizidwa, imaimba bwino chifukwa ndi yolemera ndi yosalira, ndiye ndi yabwino pabalaza kapena m'tchalitchi, koma ikanyowa imafufuma ndipo m'mphepete mwake mumang'ambika mukalowetsa sikuluwu osayamba mwaboola. Chipboard musiyireni wa mawadiropu. Kasitomala akaumirira, muuzeni poyera kuti mvula yoyamba ya November idzamuonetsa.

Chimene ndikupemphani inu amisiri a matabwa ndi ichi: bokosi la sipika si kabati. Paliponse polumikiza pakhale guluu wamatabwa wokwanira, masikuluwu ntchito yake n'kugwira mpaka guluu aume. Mpweya usatulukire pena paliponse kupatula paipi, ngakhale pa chogwirira kapena polowera waya. Ikani mtanda wolumikiza mbali ziwiri zazikulu, ndi wina wochoka kutsogolo kupita kumbuyo. Mukamaliza gogodani mbali iliyonse ndi chibakera. Ikalira ngati ng'oma, onjezani mtanda. Ikamveka ngati mwagogoda chitsa, mwakhoza. M'kati mumate thonje lija la m'mipando, lokhuthala masentimita 3 kapena 5, kumbuyo ndi m'mbali, koma pakamwa pa paipi pakhale poyera, ndipo pakati pa paipi ndi khoma la kumbuyo patsale mpata wosachepera kukula kwa paipiyo. Ndipo musasinthe miyeso imene kasitomala wabweretsa pofuna kuti bolodi limodzi likwanire. Masentimita asanu amene mwachotsa asintha kuimba kwa bokosi lonse.

FUNSO: Amalume, mabokosi anga amaimba bwino sungura, koma ndikaika amapiano pepala la sipika limavina ngati lituluka ndipo bowo limapuma phuu phuu. Chinanso, ndikalumikiza bokosi lachiwiri besi imachepa m'malo mochuluka. Ndalodzedwa kapena? Woimba m'mapwando, Epworth.

YANKHO: Palibe wakulodza, mphwanga, ndipo chachiwiricho uchikonza lero lomwe. Bokosi limodzi likukankha pamene linzake likukoka, ndiye akufafanizana. Tenga batire la tochi la mavoti 1.5, ugunditse pa mawaya a bokosi, plus ku waya wofiira. Pepala lituluke kunja. Bokosi limene pepala lake lalowa m'kati, tembenuza mawaya ake. Uchite zimenezi pa woofer yokha, ndipo mabokosi a besi uziwaika pamodzi, ogundana, pansi.

Choyambacho ndi khalidwe la bokosi lililonse la bowo. Pamwamba pa mawu amene linachunidwira, mpweya wa m'kati umagwira pepala. Pansi pake, paipi imangosanduka chiboo, pepala limatsala lopanda choligwira, limayenda kwambiri koma mawu osatuluka. Sungura siitsika kwenikweni kudutsa nsambo ya 41 Hz ija. Amapiano ndi nyimbo zina zopangidwa pa kompyuta zimatsika kuposa pamenepo. Ukapitiriza, koyilo idzagunda pansi pa maginito n'kupindika. Yang'ana kumbuyo kwa ampulifaya kapena pa crossover yamagetsi ngati pali batani lolembedwa HPF, low cut kapena subsonic, ulitchere pa 35 kapena 40 Hz. Sutayapo kanthu, chifukwa mawu amenewo bokosi lako silinkawatulutsa n'kale, ndipo batire likhalitsa.

Phuu phuu uja ndi mphepo yothamanga m'bowo laling'ono. Kulitsa bowo, kapena uike awiri, koma kumbukira kuti bowo likakula paipi iyenera kutalika kuti bokosi lisakwere mawu. Pala m'mphepete mwa paipi kuti mukhale mozungulira bwino, mbali zonse ziwiri, kenako bwereza mayeso a mpunga.

FUNSO: Agogo, ndine mtsikana, ndikuphunzira zamagetsi ku koleji. Agogo anga aamuna anandisiyira driver ya honi yolemera, ya khosi la inchi imodzi, koma honi yake inasweka. Ndikufuna ndipange ndekha ya thabwa. Kodi ndingangopanga ngati fanulo? Mdzukulu wanu, Highfield.

YANKHO: Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Pa zaka zonse zimene ndakhala pa benchi, kuyambira ndikukonza mawailesi a Supersonic opangidwa ku Bulawayo, atsikana obwera ndi funso lotere ndi owerengeka. Driver ya agogo ako usaigulitse. Yambira kuiyeza ndi mita: ya 8 ohm ionetsa pakati pa 5 ndi 7. Ikapanda kuonetsa kanthu, kachitsulo konjenjemera ka m'kati kamagulidwa pakokha n'kusinthidwa. Potsegula samala kuti tizitsulo tisagwere mumpata wa maginito.

Fanulo yowongoka imagwira ntchito, koma siigwira bwino mawu a m'munsi mwa gawo lake. Honi yakale imene Arthur Webster analemba masamu ake mu 1919, ndipo anthu akuigwiritsabe ntchito, imakula mochulukitsa: ukayenda mtunda wofanana, malo a bowo amawirikiza kawiri. Mtundawo umadalira mawu otsikitsitsa amene ukufuna. Gawa 1,890 ndi nambala ya Hz, yankho ndi masentimita. Tisankhe 400 Hz, zitipatsa masentimita 4.7. Malo akawirikiza kawiri, kutambalala kwa bowo lozungulira kumachulukitsidwa ndi 1.41. Ndiye lemba chonchi. Pakhosi, masentimita 2.5. Ukayenda 4.7, bowo ndi 3.6. Pa 9.4, ndi 5.1. Pa 14.1, ndi 7.2. Pa 18.8, ndi 10.2. Pa 23.5, ndi 14.4. Pa 28.2, ndi 20.3. Pa 33, ndi pafupifupi 29, ndipo pamenepo ima, chifukwa kuzungulira kwa kukamwa kwadutsa masentimita 86, amene ndi funde la 400 Hz. Uona kuti imayamba mozengereza n'kudzatambasuka kumapeto ngati duwa la dzungu. Palinso kapindidwe kena kotchedwa tractrix, kamene Paul Voigt wa ku England anagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1920, ndipo ambiri oimbira m'nyumba amakakonda, koma yamba ndi aka.

Jambula mzerewo pa pepala la magirafu pa kukula kwake kwenikweni, uumate pa katoni yolimba, udule. Chimenecho ndi chikombole chako. Kenako pita kwa akalipentala ukapemphe zidutswa za supawood ya mamilimita 18, zotsala zimakhala zambiri. Ufunika zidutswa 18 kapena 19. Chilichonse uchiboole bowo lozungulira lolingana ndi malo ake pa mzere, locheperako pang'ono, uzimate chimodzi pamwamba pa chinzake zitalunjika pakati. M'kati mudzaoneka ngati masitepe. Ntchito yeniyeni ndi yochotsa masitepewo ndi tupa ya matabwa ndi sandipepa, ukuyesa ndi katoni ija kawirikawiri. Ine ndimamata magawo atatu padera, kupala lililonse, n'kudzalumikiza pomaliza, chifukwa dzanja silingafike kukhosi honi ikakhala yathunthu. Vala chotseka pamphuno, fumbi la supawood ndi loipa m'mapapo. Pomaliza paka vanishi kangapo mpaka thabwa lisiye kumwa.

Masentimita asanu oyamba ndi amene ali ndi mlandu waukulu. Bowo la honi likumane ndi la driver ndendende, popanda sitepe kapena mpata, chifukwa cholakwika chaching'ono pamenepo chimamveka ngati munthu woyankhulira m'mphuno. Ona ngati driver yako ndi yopotokola kapena ya mabawuti. Ikakhala yopotokola, pali kachitsulo kolumikizira kamene kamagulitsidwa, ndipo ukayendayenda ku msika wa Siyaso ku Mbare ukhoza kupeza honi yosweka yoti uchotsepo khosi lake. Kulemera kwa maginito kusatsamire pa khosi la thabwa, uikire kampando kake.

Ngakhale tawerengera 400 Hz, usaimbitse driver mpaka pamenepo. Honi imayamba kumveka bwino kuchokera pa kawiri ka nambala imeneyo, ndipo driver ya inchi imodzi yokalamba ndi bwino kuidula pa 1,500 Hz. Ukaikhazika pamwamba pa bokosi la besi, pali chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala. Driver ili kumbuyo masentimita 33, pamene funde la 1,500 Hz ndi masentimita 23 okha, ndiye mawu a honi ndi a woofer akhoza kufika osagwirizana. Tulutsa 1,500 Hz pa foni, motsitsa, ukhale mamita awiri kutsogolo, wina azisuntha honi kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono. Pamene mawu akulitsitsa, lemba mzere ndi pensulo. Yesanso utatembenuza mawaya a driver, usankhe pamene honi yakhala bwino pa bokosi. Ukatero ika nyimbo ya kwaya imene umaidziwa mawu ake onse, umvere ngati ukutha kulekanitsa oimba.

Ukamaliza unditumizire chithunzi kudzera kwa akonzi, pamodzi ndi nambala yolembedwa kumbuyo kwa driver, ndikuwerengere crossover yoyenerana nayo.